Dokotala wa mapewa amene anakana kunding'amba

Kutchalitchi kwathu kuno ku Mangalande, nyimbo ikakoma, ndi ochepa amene amakweza manja onse awiri mpaka pamwamba. Ena amakweza limodzi, linalo n'kulisiya m'chiuno. Musaganize kuti ndi ulemu, vuto ndi phewa. Ambirife timasamalira okalamba, kuwatembenuza pabedi ndi kuwadzutsa pampando. Ena amasanja makatoni usiku wonse, pomwe abale athu a Kujoni akuponya njerwa ndi kupenta siling'i. Ndalama zomwe timatumiza kumudzi zimadutsira paphewa.

Langa linayamba chaka chatha. Agogo ena omwe ndinkawasamalira anaterereka m'bafa, ine n'kuwawakha ndi dzanja limodzi. Ndinakhala chete miyezi itatu, kumangomwa panado, poopa kuti ndikanena mashifiti achepa. Mukudziwa nokha kuti kwa ambirife chitupa chokhalira kuno chili m'manja mwa abwana. Ndinapita kwa dokotala nditayamba kulephera kuvala jekete, ndipo patapita miyezi ina anandionetsa kwa katswiri wa maopaleshoni a mapewa.

Pachitseko pake panalembedwa kuti Mr, osati Dr, moti ndinkaona ngati andipatsa kalaliki. Kuno madokotala ochita opaleshoni akakhoza mayeso awo amasiya dzina la Dr, mwambo wochokera kalekale pomwe ntchitoyi inkagwiridwa ndi anthu opanda digiri ya udokotala, ena mwa iwo ometa tsitsi.

Inu amene mumauza mwana tsiku ndi tsiku kuti adzakhale dokotala, tawerengani zaka izi. Ku yunivesite zisanu, pena zisanu ndi chimodzi. Ziwiri zozungulira m'mawodi osiyanasiyana, ziwiri zina zoyambira opaleshoni, kenako zisanu ndi chimodzi za mafupa okhaokha, akusamutsidwa chipatala ichi ndi icho, mayeso aakulu ali kumapeto. Zakwana 15. Pamenepo wofuna mapewa amawonjezera chaka kapena ziwiri pamapazi a katswiri wina, nthawi zina kunja kwa dziko. Amene anayamba ali ndi zaka 18 amafika pa ukatswiri ali cha m'ma 35, anzake a kusekondale atamanga kale nyumba.

Akafikanso sikuti wapuma. Masiku ena amaona odwala kukiliniki, masiku ena amaswera kufiyeta ali chiimire. Ikafika sabata yake ya ngozi, za mapewa amaziika pambali n'kulandira aliyense wothyoka, kaya ndi agogo ogwa pamasitepe kaya mnyamata wa njinga yamoto. Akamagwiritsa ntchito X-ray pa opaleshoni amavala chovala cholemera cha mtovu, choncho amene amakonza mapewa athu nayenso khosi ndi msana zimamuwawa.

Anandifotokozera atanyamula fupa la pulasitiki. Fupa la ntchafu limalowa m'chiuno ngati musi mumtondo, koma la mkono limangokhala paphewa ngati dzira pasupuni. N'chifukwa chake mkono umazungulira mbali zonse, n'chifukwa chakenso phewa siliichedwa kuguluka. Chimene chimaligwira ndi minofu inayi ndi mitsempha yake, yomwe amaitcha rotator cuff. Mtsempha ukaduka amaboola timabowo ting'onoting'ono, kulowetsa kamera yopyapyala ngati pensulo, kukhomerera tizikhomo mufupa n'kusokerera mtsemphawo, maso ali pa sikirini. Phewa likatheratu amaika lachitsulo. Charles Neer wa ku New York ndiye anatsegula njirayi m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1985 Paul Grammont wa ku Dijon ku France anaitembenuza, mpira n'kuuika kumene kunali supuni, kuti amene mitsempha yake inatha azikweza mkono ndi mnofu waukulu wakunja.

Atafotokoza zonsezo anandiuza kuti ine sanding'amba. Mtsempha wanga unangonyotsoka, sunaduke, ndiye ndipite kumafizo miyezi itatu. Kunena zoona ndinatuluka nditakwiya. Kudikira konse kuja, n'kungondipatsa kalamba ka mphira koti ndizikoka pachitseko? Tinakula ndi maganizo oti dokotala wosabaya jakisoni sanakuthandize.

Lero ndikuona kuti ndinkalakwa, ndipo ndi ichi chandilembetsa. Kwa zaka zambiri madokotala ankapala kafupa ka pamwamba paphewa kuti mtsempha usamakhulike. Kafukufuku wotsogozedwa ku Oxford, yemwe anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2018, anagawa odwala 313 m'magulu atatu: ena anawapala, ena anangowalowetsa kamera osapala kalikonse, ena sanawachite opaleshoni. Opalidwa sanapose ongolowetsedwa kamera, ndipo magulu awiriwa anangoposa pang'ono chabe osachitidwa opaleshoni aja. Madokotala a mapewa eni ake ndiwo anali m'kati mwa kafukufukuyu, kuyesa ntchito yomwe imawadyetsa. Munthu wophunzira kung'amba zaka zoposa 15, n'kumatha kuuza wodwala kuti mpeni sukufunika, ine ndimamuvulira chipewa. Komanso akanandisoka ndikanakhala mkono uli m'khosi mpaka masabata asanu ndi limodzi, ndi miyezi ingapo osanyamula munthu. Lendi akanalipira ndani?

Koma musamve ngati ndikuti khalani kunyumba. Chimene anandikalipira, mwaulemu wake, ndi miyezi itatu ndinabisa ija. Mtsempha woduka pangozi ukasiyidwa umabwerera m'kati, mnofu n'kuyamba kusanduka mafuta, ndipo ikafika nthawi ina palibe katswiri angausoke. Ine ndinangochita mwayi. Mukagwa kapena kuwakha munthu, mkono n'kukana kukwera, lembetsani m'buku la ngozi pantchito tsiku lomwelo ndipo kaonaneni ndi dokotala. Hoist ija timaisiya pakona kuti tifulumire, tiziigwiritsa ntchito.

Kwathu nkhani ndi ina. M'zipatala za m'maboma othyoka ambiri amathandizidwa ndi ma clinical officer a mafupa, maphunziro omwe anayambitsa Ed Blair wa ku Canada ku Blantyre mu 1985. Ndi anthu amenewa amene amaika chikhakha ndi kubwezera phewa loguluka. Madokotala a mafupa ndi owerengeka, ndipo ngakhale chipatala cha LION chinatsegulidwa ku Lilongwe, ntchafu zothyoka pa kabaza zimawadyera nthawi yonse. Sindikuona kuti dokotala wa kwathu angasankhe phewa lokha posachedwapa. Zomwe tingathe ife n'zazing'ono: m'bale akaimba kuti phewa laguluka, ya thiransipoti ipite tsiku lomwelo, chifukwa lobwezedwa lero ndi ntchito ya mphindi zochepa, pomwe lokhala mwezi akulithowa kunyumba limafuna opaleshoni yaikulu.

Amayi anga akhala akudandaula kuti sakutha kudzitwika ndowa, phewa lauma gwa popanda kugwa paliponse. Katswiri uja anandiuza kuti kuuma kotere kumakonda anthu a matenda a shuga. Ndawatumizira ya minibasi kuti Lachiwiri akayezetse kuchipatala cha paboma, ndipo mlongo wanga walonjeza kuwaperekeza.