Wakutsina khutu ndi mnansi: kwa achinyamata onyamula kamera

Ana anga, inu amene mukuyenda ndi kamera paphewa, ena foni yokha m'manja, n'kumati ndife opanga mafilimu, sunthirani kuno. Ndikumva kuti ambiri mukufuna kujambula za amphawi, za olumala, za atsikana apantchito, za ana ogona m'makhonde a masitolo. Mtima umenewo ndi wabwino. Koma musanagogode pakhomo la munthu wovutika, kamera ili chiyakire, imvani kaye za mkulu wina wa ku Senegal, Ousmane Sembène, amene ambiri amamutcha tate wa mafilimu a mu Africa.

Mkuluyu anabadwa mu 1923 ku Ziguinchor, m'chigawo cha Casamance, m'banja la msodzi. Sukulu sanapite nayo patali, anamuchotsa. Anagwirako ntchito yomanga ndi yaumakaniko ku Dakar, mu 1944 n'kulembedwa usilikali wa Afalansa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha anaoloka nyanja, n'kutha zaka pafupifupi 10 akusenza katundu padoko la Marseille. Kumeneko n'komwe analowa m'bungwe la apantchito, n'komwenso anayamba kulemba. Buku lake loyamba, Le Docker noir, linatuluka mu 1956, ndipo mu 1960 anatulutsa Les Bouts de bois de Dieu, lokamba za sitalaka ya ogwira ntchito panjanji ya Dakar-Niger mu 1947 ndi 1948.

Mabukuwo anamutchukitsa, koma iye mtima sunakhale pansi. Anali mu Chifalansa, pamene asodzi, amayi a kumsika ndi onyamula katundu amene ankawalembawo ambiri sankadziwa kuwerenga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ali ndi zaka pafupifupi 40 ananyamuka kupita ku Moscow kukaphunzira kupanga mafilimu pa situdiyo ya Gorky. Inu amene mukudandaula kuti mwachedwa muli ndi zaka 25, mwamva?

Filimu yake ya mu 1963, Borom Sarret, ndi yaifupi, mphindi pafupifupi 20 basi, koma ndimafuna wachinyamata aliyense ataionera asanajambule mphawi. Ndi tsiku limodzi la bambo woyendetsa ngolo ya hatchi mu Dakar. Munthu wina wovala bwino amamunyengerera kuti amuperekeze ku Plateau, dera la olemera kumene ngolo n'zoletsedwa. Wapolisi amamulanda ngoloyo, wokwera uja n'kulowa m'galimoto osalipira. Mpaka apa aliyense wa inu akanatha kuilemba. Koma taonani zimene Sembène anaikamo. Bambo yemweyu, atamva woimba zotamanda makolo ake, amakomedwa n'kumupatsa tindalama timene wapeza m'mawa wonse. Bambo yemweyu amanyamula mnzake amene wafungatira mtembo wa mwana wake, ndipo atawabweza pachipata cha manda chifukwa chosowa chikalata, amamusiya pomwepo n'kumapita. Sembène sanamusandutse mngelo. Anamusiya akhale munthu, wamatama ake, wamantha ake, wolakwiridwa komanso wolakwa. Zimenezi angazione ndi amene anadyapo mbale imodzi ndi anthu otere. Wobwera ndi galimoto m'mawa n'kubwerera dzuwa lisanalowe amangoona nsanza ndi misozi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1966 kunabwera La Noire de..., nkhani ya Diouana, mtsikana amene banja la Afalansa linamulemba ntchito yolera ana ku Dakar, kenako n'kumutengera ku Antibes. Iye ankati akukaona France. Anakapeza khitchini, chikolopa ndi makoma, alendo a abwana akumuyang'ana ngati chinthu chodabwitsa. Mapeto ake amadzipha m'bafa. Pamene pamandigwira mtima ndi pambuyo pake: bwana wamwamuna amapita ku Dakar ndi sutikesi ya malemuyo, n'kutulutsa ndalama kuti apatse mayi ake, mayiwo n'kuzikana. Ndi amphawi, inde, koma mwana wawo sagulidwa. Kwathu kuno a Shemu Joyah nawonso anaikhudza nkhani ya mtsikana wapantchito mu Seasons of a Life, ndipo ndikanakonda mutaonera ziwirizi motsatizana, muone mmene mavuto a m'nyumba za mabwana amafananira.

Za chilankhulo sindichulutsa. Mandabi, ya mu 1968, anaijambula mu Chiwolofu, chimene anthu a ku Dakar amalankhula kumsika, ngakhale kuti eni ndalama a ku France anafunanso ina ya mu Chifalansa ndipo anaipanga. Ndi nkhani ya Ibrahima Dieng, bambo wa akazi awiri wosowa ntchito, amene mphwake wosesa misewu ku Paris wamutumizira ndalama kudzera ku positi ofesi. Kuti azitape akufunika chiphaso. Kuti apeze chiphaso akufunika kalata ya kubadwa ndi chithunzi. Khomo lililonse akagogoda pali wina womudyera, ndipo anansi atamva fungo la ndalama ayamba kale kudzabwereka mpunga. Anthu ankaseka poonera, koma ankadziseka okha.

Tsono apa m'pamene ndikufuna mutchere khutu. N'kosavuta kuloza chala mzungu amene anapita kale. Sembène anamulozadi: Emitaï ya mu 1971 ikuonetsa amayi a mtundu wa Diola akubisa mpunga kuti asilikali a Afalansa asaulande, ndipo Camp de Thiaroye ya mu 1988, imene anapanga ndi Thierno Faty Sow, ikufukula zimene zinachitika pa 1 Disembala 1944, pamene asilikali a mu Africa obwera kunkhondo anawomberedwa ndi gulu lankhondo la France chifukwa choitanitsa malipiro awo. Filimu yachiwiriyi inapata mphoto pa chikondwerero cha mafilimu ku Venice, koma ku France inatha zaka anthu osaiona m'nyumba zoonetsera mafilimu. Chikhalirecho chala chomwecho ankachitembenuzira kwawo. Mu Xala, ya mu 1975, mkulu wabizinesi wolemera ndi katangale amatha mphamvu zachimuna usiku umene wakwatira mkazi wachitatu, ndipo amene agwira mankhwala ake ndi opemphapempha ndi olumala omwe iye anauza apolisi kuti awachotse pakhomo la ofesi yake. Boma la Senegal linadulamo zigawo zina. Ceddo ya mu 1977, yokamba za anthu okana kulowetsedwa chipembedzo mokakamiza, boma la Léopold Sédar Senghor linailetsa kwa zaka. Anthu akwanu akadzakukwiyirani chifukwa cha filimu, musadzathamangire kupepesa. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndipo samalani ndi mwini thumba. Ndikudziwa kuti kamera, mafuta ndi chakudya cha osewera zimafuna ndalama, ndipo kawirikawiri ndalamazo zili ndi mabungwe othandiza. Sindikuti muzikane. Koma ena mwa iwo amafuna chithunzi cha mwana wa ntchentche kumaso kuti akapemphere nacho kwawo, ndipo mukavomera, mwagulitsa mwana wa mnzanu amene sanakutumeni. Sembène anapanga filimu yathunthu pa nkhani ya kupempha, Guelwaar ya mu 1992, mmene achinyamata amaimitsa galimoto ya chakudya cha thandizo n'kukhuthulira matumba mumsewu. Ine pamenepo sindigwirizana naye kwenikweni, chifukwa njala ndinaionapo ndipo chakudya sichitayidwa. Komabe funso lake ndi loona: kodi mtundu ungapemphe mpaka liti?

Filimu yake yomaliza, Moolaadé, anaitulutsa mu 2004 ali ndi zaka 81, ataijambulira m'mudzi wina ku Burkina Faso. Atsikana anayi athawa mdulidwe n'kukabisala kwa mayi wotchedwa Collé, amene anakana kale kuti mwana wake adulidwe. Collé amamanga chingwe chamitundumitundu pakhomo, ndipo mwambo wa mudziwo umati wothawira kuseri kwa chingwe chimenecho sakhudzidwa. Mwamuna wake amamukwapula pabwalo kuti amasule chitetezocho, iye osatsegula pakamwa. Amuna amasonkhanitsa mawailesi a amayi n'kuwatentha. Taonani nzeru ya mkuluyu: wopulumutsa atsikanawa sanachokere ku likulu kapena kunja, ndi mayi wa m'mudzi momwemo, ndipo mwambo woipa akuugonjetsa ndi mwambo wina wa makolo omwewo. Filimuyi inapata mphoto ya Un Certain Regard ku Cannes chaka chomwecho.

Koma Cannes sikunali kumene ankalozako kwenikweni. Iye ankati filimu ndi sukulu ya madzulo, ndipo ankayenda nawo mafilimu ake m'matauni ndi m'midzi, n'kukhala pansi kumva anthu akutsutsana naye akatha kuonera. Inu mukajambula amayi ophwanya miyala, kodi amayiwo adzaionera liti filimuyo, kapena idzangothera pa YouTube ndi m'mahotela a misonkhano? Akakufunsani kuti munatijambuliranji chonchi, mudzakhalapo kuti muyankhe?

Sembène anamwalira ku Dakar pa 9 Juni 2007 ali ndi zaka 84. Filimu yaikulu imene anailakalaka kwa zaka zambiri, ya Samori Touré amene analimbana ndi Afalansa kumadzulo kwa Africa, sanaipange. Ndalama zake sizinapezeke.