Nkhuku yozungulira ilibe msuzi

Mlamu wanga wa ku Joni sabwera chimanjamanja. Chaka china anatibweretsera ketulo yoimba likhweru, chaka china bulangete la nyalugwe lija lili m'nyumba iliyonse. Ulendo uno anatsika basi ndi katoni yaikulu moti ana anayambiratu kukangana za amene azigwira rimoti. Titang'amba katoniyo tinapezamo kabokosi kachitsulo ka chitseko chagalasi, m'kati mwake muli mpani wachitsulo ndi mafoloko awiri a mano ngati a nguluwe.

"Alamu, imeneyi ndi rotisserie," anatero uku akusisita pamwamba pake ngati akugulitsa galimoto. "Mungobaya nkhuku apa, n'kupotokola apa, inuyo kukakhala pansi. Imadziotcha yokha."

Ndinalandira ndi manja awiri. Koma mawu akuti "yokha" anayamba kundinamiza tsiku lomwelo. Pulagi ya ku South Africa ili ndi mano atatu obulungira, pomwe mabowo a pakhoma pathu kuno ndi amakona, monga a ku Britain. Ndiye chinthu chodziotchera chokhacho chinayamba ndi kundituma kumsika kukasaka adaputa dzuwa lili paliwombo.

Loweruka lake tinaganiza zochiyesa. Apongozi anali atatipatsa tambala wachikuda, wa lipombo lofiira, amene anakhala chaka chathunthu akupalasa m'mbuyo mwa nkhokwe ndi kuthawa akabawi. Tinamusosola, tinamupaka mchere, adyo ndi ndimu, n'kumubaya pa mpani uja. Atangozungulira kawiri, phiko linatambasuka n'kukhudza chitsulo chofiira cha kumbuyo, khitchini yonse fungo la nthenga zopserera. Apa m'pamene tinawerenga kapepala kake. Nkhukuyo, akuti, uyambe waimanga mapiko ndi miyendo ndi ulusi wathonje, ndipo ikhale pakati penipeni pa mpani, apo ayi kamota kake kamabuula pokweza mbali yolemerayo, kenaka nkhuku n'kugwera mbali ina, khu! Tinaimanga ngati mbava yogwidwa pamsika.

Za kukakhala pansi zija iwalani. Banja lonse linadzaza m'khitchini, maso pagalasi, ngati tikuonera Bullets ndi Manoma. Ndipo kunena zoona, m'maso chinthuchi chimakoma. Mafuta akatuluka pakhungu sagwa msanga; nkhuku ikamatembenuka amayenderera thupi lonse, khungu n'kumafiira pang'onopang'ono mofanana mbali zonse, popanda pakuda pamene mbaula imasiya ukangotembenuka kuyankha moni. Fungo lake linafika mpaka kwa aneba, amene anabwera kudzabwereka machesi ali nawo.

Patatha ola ndi theka tinamutsitsa tambala uja, wonyezimira ngati wa pachikwangwani. Ndinaluma ntchafu, mano n'kubwerera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Mwana wanga wamng'ono analimbana ndi phiko mpaka nsima inazizira, kenaka anafunsa mwaulemu ngati kuli nyemba zadzulo.

Cholakwa sichinali cha makinawo, ndivomere. Anawapangira nkhuku zoyera za m'khola zija, zophedwa zili ndi masabata asanu ndi umodzi, zimene sizinathamangepo chibadwire, mnofu wake wofewa ndi wamafuta. Yachikuda ndi nkhuku ya mitsempha. Imafuna madzi, mphika wovundikira ndi moto wodekha, maola awiri kapena kuposerapo, mpaka mitsemphayo isungunuke n'kulowa mu msuzi. Kuiotcha pouma n'kuisandutsa lamba. Aliyense amene anakulira pamudzi akudziwa zimenezi. Ineyo ndinangoiwala chifukwa cha galasi.

Sabata yotsatira ndinagula yoyera ya m'sitolo. Imeneyo inapsa bwino, sindinama. Nditabaya pantchafu panatuluka madzi oyera opanda magazi, chimene ndi chizindikiro choti yapsa mpaka kufupa; akatswiri amati m'kati mwake muzifika madigiri 74. Papepala analemba kuti makinawo amadya mawati 1,200, kutanthauza kuti nkhuku imodzi imanyambita mayunitsi pafupifupi awiri, ndipo ndinachita kukaima pamita kuonerera manambala akutsika. Zimenezo n'zopiririka. Chimene sindinapirire chinachitika patebulo. Mayi akunyumba anabweretsa nsima, anabweretsa nkhuku, anakhala pansi. Ndinatema mbamu, ndinaiumba bwinobwino, ndinaboola kadzenje ndi chala chachikulu monga tinaphunzirira tili ana, dzanja n'kuima m'malere. Ndisunse pati?

Pansi pa makinawo pali kathireyi kolandira zodontha. Muli mafuta okhaokha, opserera m'mbali. Si msuzi umenewo. Msuzi ndi tomato, anyezi ndi mafupa zitagwirizana mumphika. Ndipo nonse mukudziwa kuti pakhomo pa Mmalawi nkhuku imodzi imadyetsa anthu khumi chifukwa cha msuzi, osati mnofu. Mwana amene wapata khosi lokha amakhuta ndithu, bola mbale yake isambe. Nkhuku youma ndi ya anthu odya ndi tchipisi, aliyense chigawo chake, palibe kupemphana.

Anthu amene anatulukira kuotcha kozungulira sankadya nsima, n'chifukwa chake. Ku England, zaka mazana angapo zapitazo, m'nyumba zikuluzikulu ndi m'malo ogona alendo ankaweta agalu a ntchito imeneyi yokha. Kagalu kathupi lalitali, miyendo ifupiifupi, ankakaika m'gudumu lathabwa lokhomedwa pakhoma, ndipo kakamathamanga m'menemo tcheni chinkatembenuza nyama pamoto. Buku la John Caius lofotokoza agalu a ku England, lomwe linatuluka m'Chingerezi mu 1576, limawatchula. Atabwera makina agaluwo anasowa ntchito, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mtundu wawo unali utatheratu. Kamodzi kouma, dzina lake Whiskey, amakasunga kumalo osungirako zakale ku Abergavenny, ku Wales. Kabokosi ka patebulo aka kanatchuka ku America mu 1998, pamene Ron Popeil, katswiri wotsatsa malonda pa TV, anayamba kugulitsa kake kotchedwa Showtime, akuuza anthu kuti angotchera n'kuiwalako. Bambo ameneyo sankadziwa kuti kwinaku magetsi amatha kuchoka nkhuku ili pakati pa ulendo. Zinatichitikira ulendo wachitatu. Inaima chagada, mbali imodzi yofiira, ina yotuwa, ndipo tinakaimalizira pa mbaula, tochi ya foni ili kukamwa.

Koma dandaulo langa lenileni ndi lakale kuposa makinawa. Ndili mwana, nkhuku inkaphedwa pakabwera mlendo kapena pa Khirisimasi, ndipo inali ndi malamulo ake. Nthutumba inali ya abambo kapena mlendo wolemekezeka, ndipo ikasowa mumphika amayi ankayankha mlandu. Chidale ndi ntchafu zinkapita kumphasa ya akuluakulu. Ife ana tinkalandira zipalapasiro, khosi ndi mutu, n'kumauzidwa kuti tidekhe, nthawi yathu idzafika. Ndinadekha zaka makumi atatu. Ndinakwatira, ndinabereka, ndinagula mpando wanga wa pabalaza umene mwana sakhalapo. Lero nthawi yanga yafika, ndipo nkhuku ya m'sitolo ikubwera m'pulasitiki ilibe mutu, ilibe mapazi, m'mimba muli mphepo. Nthutumba anazichotsa kale, akugulitsa pazokha m'kapaketi, makumi awiri pamodzi, aliyense wa ndalama n'kugula, ngakhale mnyamata wa Fomu 2. Kodi ulemu ungagulitsidwe pa kilo? Ndiye pabwerenso makina amene ngakhale nthutumbayo ikanakhalapo, palibe poibaya. Mbadwo wathu unadyeredwa masuku pamutu kawiri: tili ana tinamanidwa chifukwa ndife ana, takula tikumanidwa chifukwa cha chitukuko.

Apongozi atabwera kudzationa, mayi akunyumba anaotcha ina kuti awaonetse zamakono. Gogoyo anaiyang'ana ikuzungulira kwa kanthawi, manja ali kumbuyo, kenaka anati, "Mwana wanga, ikamaliza kusewerako undipatse ndiiphike." Ndipo anaiphikadi. Anaiduladula, anakazinga anyezi ndi tomato, anathiramo timafuta ta m'kathireyi tija ndi kambuzi mmodzi, n'kuisiya ibwate pang'ono. Sindinadyepo nkhuku yoyera yokoma chotero. Koma taonani, tinalipira mayunitsi, tinalipiranso makala, n'kutsuka ziwiya ziwiri, ndipo kutsuka mafuta ouma pa mpani ndi pagalasi paja ndi ntchito ya munthu amene walakwira banja.

Panopa kabokosiko kali pamwamba pa kabati. Mpani ndi mafoloko ake tinazikulunga m'nyuzipepala, ndipo m'katimo timasungamo buledi ndi shuga, poti chitseko chake chimatseka bwino, mphemvu sizilowa. Dzulo mlamu anaimba pa WhatsApp kufunsa ngati tikuigwiritsa ntchito.

"Tsiku lililonse, alamu," ndinatero. "M'mawa uliwonse timaitsegula."

Anasangalala kwambiri. Akuti pa Isitala abwera ndi air fryer.