Thambo lofiira la ku Chintheche silinali aurora

M'mawa wa pa 11 Okutobala 2024 ndinadzuka gulu lathu la WhatsApp likuwira. Mnzanga wina anali ataponya chithunzi cha thambo lofiira psuu, pansi atalemba kuti aurora yafika ku Chintheche. Pofika masana chinali chili pa Facebook, anthu akuyamikira, ena akuti ndi chizindikiro cha masiku otsiriza. Ine ndinali pakhonde lomwelo usiku umenewo. Chimene tinaona chinali moto wolusa m'mapiri a kumadzulo, wonga umene osaka mbewa amayatsa chaka chilichonse nyengo ya chilimwe. Mnzangayo anangowonjezera utoto ndi pulogalamu ya pafoni.

Chimene chinapangitsa bodzali kukhulupirika n'chakuti usiku womwewo kwina aurora inaonekadi. Dzuwa limalavula tinthu ta mphamvu ya magetsi, ndipo pafupifupi zaka 11 zilizonse limalusa kwambiri. Tinthuti tikawomba mpweya wa okosijeni pamtunda wopitirira makilomita 200, mpweyawo umawala mofiira. Nthawi zambiri zimenezi zimachitikira kufupi ndi nsonga ziwiri za dziko, koma dzuwa likalusa zedi kuwalako kumasefukira kutali. Pa 10 ndi 11 Meyi 2024, anthu wamba ku South Africa ndi ku Namibia anakujambula. Ambiri ndi maso ankangoona kufiira kozimiririka, koma kamera imene yatsegula diso kwa masekondi angapo imasonkhanitsa kuwala kumene diso la munthu silingasunge.

Koma Hermanus, kumene bungwe la SANSA limayang'anira nyengo ya mlengalenga, ali pa madigiri 34 kummwera kwa equator. Ife tili pafupi ndi 12. Ndiponso aurora itati ifike kuno, tingaione kummwera, cha ku Kande, osati kumadzulo kumene kunali moto uja. Sindikunena kuti n'zosatheka mpaka kalekale. Kumayambiriro kwa Seputembala 1859 inaoneka mpaka ku Cuba ndi ku Colombia. Ndiye taganizani, tsiku lina ikadzabweradi, mwana wa ku Mpamba n'kuijambula ndi foni ya amayi ake, adzamukhulupirira ndani ngati takhala tikunama kale? Akatswiri amagwiritsa ntchito zithunzi za anthu wamba pofuna kudziwa pamene kuwalako kunafika. Chithunzi chopanda tsiku, ola ndi mbali imene wojambula analoza n'chokongoletsera foni basi.

Nditamufunsa mnzangayo, anandiyankha kuti, “Aise, ukafuna anthu aone chithunzi chako, chizioneka ngati cha ku Norway.” Apa m'pamene pandiwawa. Mwezi womwewo wa Seputembala 1859, David Livingstone anafika pa nyanja yathu ino, ndipo dzina loti nyanja ya nyenyezi anthu amati linachokera kwa iye, ataona miuni ya asodzi usiku. Chikondwerero cha Lake of Stars chinayambira konkuno ku Chintheche mu 2004. Alendo amalipira ndege kudzaona usiku umene ife tikuupaka utoto kuti ufanane ndi wa eni.

Yesani izi mwezi ukakhala mumdima, cha mu Juni kapena Julayi. Tsamiritsani foni pabwato lovundikira kuti isagwedezeke, ikani pa night mode, muisiye masekondi 10 kapena kupitirira. Pamwamba mudzapeza mlalang'amba utayala ngati ufa wotayika, pansi mzere wa nyali za asiginala akukopa usipa. Ine ndinayesa patchuthi chathachi ndi foni yosweka galasi. Zisanu ndi ziwiri zinatuluka zakuda bii, chimodzi chinagwira. Amalume, amene amapita ku usipa, atachiona analoza kanyali kachitatu kuchokera kumanzere n'kunena kuti limenelo ndi bwato lawo. Mwina ankangondisangalatsa, koma anandiuza kuti ndiwatumizire.