Walira Mvula Walira Matope: Za Chisoti cha Mwana Pabwalo

M'gawo lino ndifuna ticheze za maseŵera omenya mpira ndi thabwa, monga kiriketi ndi baseball, amene ayamba kuloŵa m'sukulu zathu, ndiponso za nkhope ya mwana amene timamuimika kutsogolo kwa mpirawo.

Pa sukulu ina kuno kwa Chiwalo tidalandira mphatso ya matabwa aŵiri ndi mipira yolimba. Tidaomba m'manja. Sabata isanathe, mnyamata wina wa Fomu 1 adaphonya mpira, ndipo udamufikira pakamwa. Mano aŵiri adatsala pabwalo. Mwinimaseŵera tsikulo ndidali ine, ndipo pamene bambo ake adandifunsa kuti, “Aphunzitsi, kodi inu simudadziŵe kuti mpirawu ngwolimba?” ndidangoti kakasi. Ndidadziŵa, koma chimwemwe cha mphatso chidandiphimba m'maso.

Mpira wa kiriketi umalemera pafupifupi magalamu 160, wa baseball magalamu 145. M'kati mwake muli njere yolimba yokulungidwa ndi ulusi, kunja chikopa. Mpira wotere ukagunda tsaya kapena diso, fupa ndilo limagonja. Eni ake maseŵeraŵa adaphunzira zimenezi ndi maliro. M'chaka cha 1920 Ray Chapman wa timu ya Cleveland ku America adamwalira mpira utamumenya m'mutu, komabe padapita zaka 51 kuti ligi yaikulu ya kumeneko ilamule, mu 1971, kuti omenya mpira azivala chisoti. Mu 2014 Phillip Hughes wa ku Australia, wa zaka 25, adafa mpira wa kiriketi utamupeza pakhosi, m'munsi mwa chisoti chake. Kuyambira apo zisoti zambiri adaziwonjezera chotchinga khosi. Ngati akatswiri otere amagwa, nanji mwana amene sanaphunzire kuzinda?

Malaŵi adaloŵa m'bungwe loyang'anira kiriketi pa dziko lonse, la ICC, mu 2003, ndipo mu 2019 timu yathu idalandira Mozambique pa chikho cha Kwacha. Nkwabwino kuti ana akumudzi nawonso alaŵeko maseŵeraŵa. Koma walira mvula walira matope. Wobweretsa thabwa ndi mpira wolimba abweretsenso chisoti chokhala ndi mawaya otchinga nkhope, chapamsinkhu wa mwanayo, pakuti chisoti chachikulu chimagwedera ndi kusiya mpata woloŵera mpira.

Ena adzati zisoti nzodula, ndipo sukulu yosoŵa mabuku singayambe kugula zipeŵa. Nzoona. Koma timu sifuna zisoti 11. Pa kiriketi omenya amakhala aŵiri nthaŵi imodzi, kuphatikiza wogwira mpira kumbuyo: zisoti zitatu nzokwana, ana nkumabwerekana. Tiyerekeze mtengo umenewo ndi wa ulendo wochoka ku Nambazo kupita ku Holy Family, mwinanso mpaka ku chipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth mu Blantyre, kumene diso lophulika sangalibwezere.

Enanso adzati tikulera ana amantha, pakuti ife tidakula tikuseŵera fulaye popanda chotchinga. Aiŵala kuti mpira wa fulaye udali wa nsanza ndi mapepala. Kulimba mtima sikulimbitsa fupa.

Tsono pempho langa kwa aphunzitsi anzanga nali. Pamene palibe chisoti, mpira wolimba ukhale m'kabati ya ahedi, ana aphunzire ndi mpira wa tenisi. Luso la kumenya ndi kuŵakha amalipeza chimodzimodzi. Kwa otithandiza, tisachite manyazi kunena kuti mphatso yawo njosakwanira. Ndipo inu amene mwatsiriza sukulu, mukuphunzitsa ang'ono anu madzulo, kumbukirani kuti tsoka silinunkha.

Mnyamata uja akadali m'kalasi langa. Akamayankha funso amaphimba pakamwa ndi dzanja.