Mwana wa Wothyola Tiyi ndi Masamu

Makolo anzanga ndi inu achinyamata, mwezi uno tikambirane za masamu, phunziro limene ana ambiri a kuno ku Thyolo amaliopa ngati njoka. Kaŵirikaŵiri timamva kholo likunena kuti, "Uyu alibe mutu wa masamu, anatengera ine." Mawu ameneŵa amanenedwa moseka, koma mwana amawasunga mumtima, ndipo pofika Sitandade 6 amayamba kuwanena yekha. Ine ndikuti mawuŵa ndi onama, ndipo umboni wake uli pa sikelo ya pa esiteti.

Taimani pamalo poyezera masamba. Mayi amene analekera sukulu Sitandade 2 amasunga m'mutu makilogalamu amene wathyola kuyambira Lolemba, naphatikiza, nachotsera mlingo wa ntchito ya tsiku, nachulukitsa otsalawo ndi mtengo wa kilogalamu imodzi. Kalaliki akalakwitsa ngakhale pang'ono, mayiyo amam'gwira pomwepo. Mwana wake wa zaka 11 amagulitsa nthochi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu wa ku Bvumbwe, nabweza chenji osaphonya. Nanga mutu womwewo umafera pati akaloŵa m'kalasi?

Kale funso limeneli linkayankhidwa poyang'ana khungu. Pamene minda ya tiyi inkakula m'boma lino, monga Satemwa imene Maclean Kay anayamba mu 1923, ndi minda ya a Conforzi, agogo athu, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira malo okhala ndi ntchito ya thangata. Mwana wawo ankafunika m'munda. Ana a eni minda anali ndi sukulu zawozawo, monga St Andrew's ku Blantyre, ndipo ena ankatumizidwa kunja kwa dziko. Amwenye nawonso anali ndi zawo. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876, koma sukulu ya sekondale yoyamba ya ana achikuda, Blantyre Secondary School, inadza mu 1940, patapita zaka 64. Ku South Africa, kumene abambo athu ambiri ankapita pa Wenela, maganizoŵa ananenedwa poyera. Pa nthaŵi ya lamulo la Bantu Education la mu 1953, nduna Hendrik Verwoerd anafunsa phindu lake la kuphunzitsa mwana wakuda masamu, pamene sadzapatsidwa ntchito yofuna masamuwo. Onani kuti iye anatseka khomo, kenaka nkuloza chala amene atsekeredwa kunja.

Lero malamulo otero kulibe, koma mpanda udakalipo, ndipo tsopano ndi wa ndalama. Mwana wa manijala kapena wa dokotala, wakuda ngati ife tomwe, amaphunzira m'kalasi ya ana ochepa, ali ndi buku lakelake, nyale ya magetsi, ndi mphunzitsi wa padera madzulo. Mwana wa m'makomboni amakhala pansi pakati pa khamu, buku limodzi akuliŵerenga angapo. Maphunziro aulere a mu 1994 anali dalitso, pakuti ana oposa miliyoni imodzi analoŵa sukulu m'chaka chimodzi, komatu aphunzitsi ndi zipinda sizinachuluke motero. Mu 2007, pamene bungwe la SACMEQ linayesa ana a Sitandade 6 m'maiko a kumwera ndi kummaŵa kwa Africa, Malaŵi anali wachiŵiri kuchokera pansi pa masamu. Zambia yokha ndiyo inali kumbuyo kwathu. Ngakhale ku America, dziko lolemera, mayeso a dziko lonse a mu 2022 anaonetsa kuti m'kalasi yachisanu ndi chitatu, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu achizungu anafika mlingo woyenera pa masamu, pamene mwa ana akuda sanakwane mmodzi pa khumi. Kumeneko mbiri ya tsankho ndi umphaŵi zimayendera limodzi.

Tsono chimene chimagwetsa ana athu nchiyani kwenikweni? Ine ndimaona zinthu ziŵiri, ndipo choyamba ndicho kujomba. Masamu ali ngati khoma la njerwa: mzere uliwonse umakhala pa unzake. Mwana akajomba phunziro la mitsinje ya Malaŵi, maŵa angathe kuphunzira za mapiri popanda vuto. Koma akajomba sabata ya kugaŵa, mafulakishoni adzamukanika, ndipo mafulakishoni akakanika, madesimolo ndi maperesenti sadzaloŵa konse. Taganizani tsono nyengo yathu. Tiyi amaphuka kwambiri ndi mvula, kuyambira Disembala kufikira Epulo, ndipo imeneyi ndiyo teremu yachiŵiri. Makolo amalaŵirira kumunda kusanache, mtsikana wamkulu amatsala kulera khanda, m'nyumba ufa watha, malungo ali paliponse, ndipo njira za m'zitunda zathuzi zimaterera. Chilimwe chikafika, antchito a kanyengo amachotsedwa, banja nkusamuka, mwana nkukaloŵa sukulu ina imene inadutsa kale mutu umene iye sanaphunzire. Sajomba chaka chonse ayi. Ndi masiku atatu kuno, sabata imodzi uko, koma khoma latsala ndi mazenera amene mmisiri sanafune.

Chachiŵiri ndi chilankhulo. M'makalasi oyamba mwana amaŵerengera m'Chicheŵa, koma pofika Sitandade 5 buku lili m'Chingerezi, ndipo nthaŵi yomweyo masamu amayamba kulimba. Mwana amene amadziŵa bwino lomwe kuti theka la theka la chinangwa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, amangoti kakasi akakumana ndi mawu akuti numerator ndi denominator. Mukamumasulira funso la m'bukumo, yankho limatuluka msanga. Aphunzitsi anzanga, tisachite manyazi kufotokoza m'chinenero cha mwana poyamba. Mayeso a Sitandade 8 adzabweradi m'Chingerezi, koma mwana sangamasulire chinthu chimene sanachimvetse.

Za malipiro a pa esiteti ndi kuchuluka kwa aphunzitsi, tiyenera kumazinena kwa oyenera osatopa. Mu 2016 eni minda ya tiyi ndi bungwe la antchito a m'minda anasainirana kwa nthaŵi yoyamba pangano la malipiro, ndipo izi zionetsa kuti kukambirana kumabala zipatso. Koma mwana amene ali Sitandade 5 chaka chino sangadikire zimenezo.

Nchifukwa chake ndikupempha inu amayi ndi abambo othyola tiyi kuti mugule kope limodzi, ndipo mwana wanu akhale kalaliki wa pa nyumba. Madzulo alionse alembe makilogalamu a tsikulo, pa Loŵeruka aphatikize, ndipo tsiku lolandira ayerekeze ndi ndalama zimene zabwera. M'funseni kuti: ngati makilogalamu anayi kapena asanu a masamba aaŵisi amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, dengu la lero latulutsa wochuluka bwanji? Simufunika kudziŵa Chingerezi kuti mumuyese. Mwana akajomba, pitani kwa aphunzitsi mukafunse mutu umene wam'pita, osangoti wachira wabwerera.

Inu anyamata ndi atsikana amene munalemba Fomu 4 ndipo mukukhala pakhomo, nyumba ya mapemphero imakhala yopanda anthu Loŵeruka masana, ndipo mabenchi alimo. Pemphani akulu a mpingo akutsekulireni. Aliyense atenge ana asanu a Sitandade 4 kufikira 6, muyambe ndi matebulo ndi kugaŵa, pogwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo kapena njere za chimanga. Muyambe mu Januwale, sabata yomweyo imene sukulu zitsekulidwa, mvula isanayambe kuwajombetsa.