Za Kukonza Mabuku a Asilikali

Alipo anthu, ndipo ena a iwo ndi ophunzira ndithu, amene akamva kuti Boma la dziko lakuti latsegulanso buku la msilikali amene anafa kalekale, nalembamo mendulo imene anammana ali moyo, amapukusa mutu nati, Madzi akatayika saoleka. Mwini wake anagona, mafupa ake anasanduka dothi, nanga kachitsulo konyezimira kamuthandiza chiyani? Ena apitirira pamenepo, nanena kuti zonsezi nza ndale chabe, zofuna kukondweretsa anthu a khungu lakuda. Ine sindivomerezana nawo mpang'ono pomwe, ndipo ndifuna kuika mlandu wanga pamaso panu, inu owerenga, kuti muweruze nokha. Nkhaniyi ndi ya ku America, koma musagwe ulesi ndi kutalika kwa dzikolo, pakuti nkhondo imene ndiyambe nayo ndi yomwe ija makolo athu anaitcha ya Chiwaya.

Ku South Carolina, pa malo otchedwa Sandy Springs, kunali mnyamata wakuda wogwira ntchito ya m'munda, dzina lake Freddie Stowers. Mu 1917 anamlemba usilikali, namtumiza ku France m'gulu la 371st Infantry. Masiku amenewo asilikali a America anali olekanitsidwa monga mwa khungu lawo, ndipo gulu limeneli la akuda analipereka m'manja mwa Afalansa. Pa 28 Sepitembala 1918 anawalamula kulanda phiri lotchedwa Hill 188. Alinkukwera, Ajeremani analeka kuombera, natuluka m'maenje mwawo atakweza manja monga anthu ogonja. Anyamatawo anadzuka poyera nayandikira. Ndipo atafika pafupi, adani aja analumphiranso m'maenje natsegula ziwaya zawo zonse. Oposa theka la kampaniyo anagwa pomwepo, ena akufa, ena olasidwa, pamodzi ndi akulu amene anali kuwatsogolera. Stowers anali kopolo chabe. Iye anatenga utsogoleri, nakwawa chafufumimba, otsalawo ali pambuyo pake, kufikira anaononga chiwaya chimene chinali kuwatha. Pokwawira ku mzere wachiwiri wa maenje analasidwa bala la imfa. Koma ali chigonere anapitiriza kulimbikitsa anzake kufikira mpweya unamthera, ndipo phirilo linalandidwa.

Mkulu wake analemba kalata yopempha kuti Stowers apatsidwe Medal of Honor, ndiyo mendulo yoposa zonse m'dziko la America. Taonani tsono chimene chinachitika. Kalatayo sanaikane, pakuti akadaikana pakadakhala chifukwa cholembedwa chimene munthu akadatsutsana nacho, sanaivomerenso, inangolowa m'mulu wa mapepala nikhala momwemo zaka zoposa 70. Pamene aphungu ena a Nyumba ya Malamulo anaumiriza akulu a nkhondo kuti afufuze chifukwa chake panalibe wakuda ndi mmodzi yemwe wolandira mendulo imeneyi pa nkhondo zazikulu ziwiri zija, kalata ija inapezeka, ndipo akuluwo anati inasokera. Ine ndizizwa nayo miyendo ya makalata, kuti a anthu akuda ndiwo ankadziwa njira yosokera chotere. Pa 24 Epulo 1991 Pulezidenti George H. W. Bush anapereka menduloyo kwa alongo ake awiri a Stowers, ali nkhalamba. Tsono wonena mwambi uja andiuze: madzi amenewa anatayika liti? Sanatayike konse. Anali mumtsuko m'nyumba ya Boma, chivundikiro chili pamwamba, eni ake ali ndi ludzu pakhomo.

Afunsa kuti kachitsulo kathandiza chiyani munthu wakufa. Wakufayo sikamthandiza, inde, ndivomera. Koma buku la Boma sililembedwera akufa. Oliwerenga ndi amoyo: mphunzitsi, mwana wa sukulu, ndi mkulu wa nkhondo wofuna kudziwa ngati anthu akutiakuti angathe kuikidwa patsogolo. Amuna akuda oposa 350,000 anavala yunifomu ya America pa nkhondo yoyamba, ndipo pa yachiwiri anaposa miliyoni imodzi. Koma buku linati mwa onsewo panalibe mmodzi woyenera ulemu waukuluwo. Munthu wowerenga zotere anganene chiyani, koma kuti mtundu umenewu ndi wamantha? Buku lonama silikhala chete pamene aliika. Limachita umboni wake tsiku ndi tsiku kwa aliyense wolitsegula. Pa bwalo la mfumu, mboni ikanama pa mlandu wa munda, ndipo bodzalo likadziwika zitapita zaka, kodi nyakwawa zimati, Zisiyeni, mwini mlandu anafa? Iyayi, zimaitana ana ake ndi kuwalozera malire enieni.

Mverani ya munthu wachiwiri. Henry Johnson anali wonyamula katundu wa apaulendo pa siteshoni ya sitima ku Albany, m'chigawo cha New York, munthu wamfupi ndi wochepa thupi. Analowa m'gulu limene pambuyo pake linatchedwa 369th Infantry, nalonso lopatsidwa kwa Afalansa. Usiku wa pa 15 Meyi 1918 anali pa ulonda cha ku nkhalango ya Argonne pamodzi ndi mnzake Needham Roberts, ndipo Ajeremani osachepera 12 anawagwera mumdima. Roberts analasidwa msanga. Johnson anaponya mabomba a m'manja kufikira anatha. Anaombera kufikira mfuti inakana. Anaitembenuza naigwira monga chibonga. Ndipo pakuona kuti adani alinkumkoka Roberts kuti apite naye, anasolola chimpeni chake chonga chikwanje nawalowa pakati. Adaniwo anathawa osatenga munthu, ndipo Johnson anatsala ndi mabala 21. Afalansa sanachedwe, anampatsa Croix de Guerre. A kwawo anamuombera m'manja pa chionetsero cha ku New York mu Febuluwale 1919, koma m'buku lake sanalembemo mendulo ya America ya kulimba mtima ngakhale imodzi. Anamwalira mu 1929. Purple Heart, ndiyo ya olasidwa pa nkhondo, inadza mu 1996. Distinguished Service Cross mu 2002. Ndipo Medal of Honor anaipereka Pulezidenti Barack Obama pa 2 Juni 2015, zitapita zaka 97.

Pamenepa otsutsa ali ndi mawu olemera, ndipo sindifuna kuwalambalala. Lamulo la America limati Medal of Honor iperekedwe zisanathe zaka 5 chichitikire ntchito ya kulimba mtimayo. Olitetezera amati mboni zimafa, otsala amaiwala, ndipo nkhani ya nkhondo imanenepa ikamakalamba, kotero kuti amene anapha mbewa, adzukulu ake amasimba kuti anapha nyalugwe. Nzoona zimenezo, aliyense amene anaothapo moto ndi mkulu wosimba za ku Burma adziwa mmene nkhani imodzi imakulira chaka ndi chaka. Koma malire a nthawi anaikidwa kuti atchinjirize buku ku mabodza a opempha, ndipo lero ena awasandutsa chishango chobisaliramo mlembi amene analakwa. Ngati ine ndatsekera kalata yanu m'bokosi langa zaka 5, kenaka ndikuuzani kuti nthawi yatha, wachedwa ndani? Ndiponso pa mlandu wa Johnson sanadalire nthano za pamoto ayi. A mu ofesi ya Senator Charles Schumer anapeza kalata ya General John Pershing, mkulu wa asilikali onse a America ku France, yolembedwa m'mwezi womwewo wa Meyi 1918, yosimba za usiku uja ndi kuyamika amuna awiriwo. Umboni unalipo kuyambira pachiyambi, wochokera kwa mkulu woposa onse. Ngakhale zinali chomwecho, Nyumba ya Malamulo inachita kuika lamulo lapadera mu 2014 kuti chitseko cha nthawi chitseguke.

Nanga aja akuti nza ndale? Mu 1993 akulu a nkhondo anapempha a Shaw University, ku North Carolina, kuti apende mabuku a nkhondo yachiwiri. Ofufuzawo anapeza kuti tsankho linalipo ndithu pa kaperekedwe ka mamendulo, natchula mayina 10. Akulu a nkhondo anawasefanso natsala ndi 7. Akadafuna kungokondweretsa anthu akadapereka kwa onse 10, nawonjezerapo ena. Pa 13 Januwale 1997 Pulezidenti Bill Clinton anapereka mamendulowo, ndipo wamoyo anali mmodzi yekha, Vernon Baker, wa zaka 77, amene mu Epulo 1945 anatsogolera anzake pa linga la Castle Aghinolfi ku Italy. Anayi anafera ku nkhondo komweko; awiri anabwerera kwawo nakalamba pang'ono, namwalira osaiona. Ofuna kuona ndale ayang'ane zikwangwani: mu 2023 kampu ya asilikali ya ku Louisiana inatchedwa Fort Johnson, ndipo mu 2025 anaibwezera dzina la Fort Polk. Mzere wa m'buku wa pa 2 Juni 2015 sanaufafanize.

Pano ndidzudzule a mbali yanga omwe. Kukonza buku sikutanthauza kulembamo zimene mtima ufuna. Kwa zaka zambiri okonda Johnson ankasimba kuti Boma silinampatse ndalama iliyonse ya kulumala, ndi kuti anaikidwa m'manda a amphawi. Pofufuza zinaoneka kuti anagona ku Arlington, ndiwo manda a ulemu a asilikali, ndi kuti mu 1927 anamlemba kukhala wolumala kotheratu chifukwa cha chifuwa chachikulu, nalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Nkhani yomvetsa chisoni inachepa kukoma pamenepo. Koma ine ndikondwera nazo, pakuti mapepala amene anachotsa zowonjezera za anthu ndi omwewo amene analimbitsa za usiku wa ku Argonne.

Musayese kuti mlanduwu ndi wa ngwazi zotchuka zokha. Msilikali aliyense wa ku America potuluka usilikali amalandira pepala, limene kuyambira mu 1950 limatchedwa DD 214, lonena za utumiki wake ndi mamendulo amene anapatsidwa. Pepalalo amalilemba kalaliki wotopa, anthu ambiri ali pa mzere, ndipo mwini wake, mtima uli kale kumudzi, amasaina osawerenga. Zikapita zaka mwendo uja wolasidwa uyamba kuvuta. Apita ku chipatala cha asilikali akale, kumene okhala ndi Purple Heart amawerengedwa m'magulu a patsogolo, nauzidwa kuti pepala lake silinena za bala. Chipsera chili pathupi, koma ofesi imawerenga pepala. Kuyambira mu 1946 lamulo linaika mabwalo okonza mabuku otere. Munthu amalemba pempho lake pa fomu ya DD 149 zisanathe zaka 3 chizindikirire cholakwacho, ngakhale bwalo lili ndi mphamvu yokhululukira kuchedwa pofuna chilungamo. Zimenezo nzabwino. Chimene ndidandaula nacho ndi ichi, kuti bwalo limayamba ndi kukhulupirira kuti buku la Boma ndi lolondola, ndipo katundu yense wa umboni amamsenzetsa wopemphayo. Chikhalirecho pa 12 Julayi 1973 moto unagwira nyumba yosungiramo mabuku a asilikali ku St. Louis, nuononga mafailo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni, amene analibe ena olowa m'malo mwake. Boma limene linataya umboni pa moto wa m'nyumba yake siliyenera kuuma mtima pofunsa umboni kwa nkhalamba. Liwerengere mokwanira makalata amene mnyamatayo analembera amake ali ku nkhondo, mabuku a chipatala, ndi mawu olumbira a anzake amene anaona ndi maso. Ndipo lichite changu, pakuti mboni zimenezo zilinkutha.

Ndinati nkhondo ya Stowers ndi Johnson ndi yomwe ija ya Chiwaya. Pamene iwo anali m'maenje a ku France, amuna a kuno zikwi zambirimbiri analinkusenza katundu wa nkhondo ya ku East Africa monga amtengatenga, ena ali asilikali a King's African Rifles, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. A ku America aja anamanidwa mendulo, koma mayina awo analimo m'buku; athu ambiri analibe ngakhale dzina lolembedwa. Mu 2021 bungwe losamala manda a nkhondo, la Commonwealth War Graves Commission, linavomera kuti anthu osachepera 116,000, mwina kufikira 350,000, ambiri a iwo ofera ku East Africa ndi ku Egypt, sanakumbukidwe ndi mayina awo, kapena sanakumbukidwe konse. Ndipo Ben Wallace, amene pa nthawiyo anali nduna ya chitetezo ya Britain, anapepesa m'Nyumba ya Malamulo. Bungwelo linayamba kufunafuna mayinawo m'mabuku akale a m'mayiko a mu Africa. Chifukwa chake, abale, ngati m'nyumba mwanu muli kabuku ka usilikali ka agogo, ka nkhondo imeneyi kapena yachiwiri, kapena mendulo yokulungidwa m'kansalu pansi pa sutikesi, zichotseni pamene chiswe ndi chinyezi zingafike; ndipo mwana wodziwa kulemba akhale pansi ndi mkulu wa banja, alembe dzina la malemuyo, nambala yake, mudzi wake, mfumu yake, ndi chaka chimene anachoka.