Tiwatengere Ana ku Siavonga

Ana athu amadya kapenta pafupifupi tsiku lililonse, koma ndi angati anaona komwe amachokera? Ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba, ndi makilomita pafupifupi 200 okha kuchokera mu Lusaka.

Mukafika, dikirani kude. Nyali za asodzi a kapenta zimangoti waliwali pamadzi ngati mudzi woyandama, ndipo mwana amangoti kukamwa yasa. Kukacha, mupite naye pakhoma la damu, lotalika mamita 128, lomwe linamalizidwa mu 1959. Mumuuze kuti ena mwa magetsi a kunyumba amachokera kumeneko, komanso kuti Atonga zikwizikwi anasamutsidwa kuti madzi amenewa adzaze chigwa chawo. Zimenezo osamubisira.

Chonde amayi, abambo, kusambira n'kwa mu pulu ya pa loji basi. M'nyanjamo muli ng'ona ndi mvuu.

Ndalama zikuvuta, ndikudziwa. Koma mabanja atatu kapena anayi a m'gulu limodzi la chilimba atasonkherana, minibasi ipezeka, nkhuku yootcha ndi mbatata muphikiretu kunyumba.